HbA1c ikatsika, mafuta a m'magazi amatsika nawo?

Sisita wa ku Ndirande:
Moni nonse pa gulu. Pali nkhani imene imabwera mobwerezabwereza pa tsiku la kiliniki ya shuga, ndiye ndati tiigwirire limodzi. Tiyerekeze bambo wa zaka 52, shuga wa mtundu wachiwiri, akumwa mankhwala awiri a shuga, metformin 500 mg kawiri pa tsiku ndi glibenclamide. Pepala la ku labu likuti HbA1c (muyeso wa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi) 10.4%, ndipo pa mafuta a m'magazi, kolesterolo yonse 6.8, ma triglyceride 5.2, HDL (kolesterolo yabwino) 0.8, zonsezi mu mmol/L, koma pa LDL (kolesterolo yoipa) palibe nambala. Ena amati tiyambe tatsitsa shuga, mafutawo atsika okha. Ena amati statin, mankhwala otsitsa kolesterolo, lero lomwe. Zoona zili pati?

Dokotala wa ku Chilomoni:
A Sisita, magulu awiriwo akunena zoona onse, kungoti akunena za mafuta osiyana. Ma triglyceride amayendera limodzi ndi shuga: shuga akatsika, nawonso amatsika, nthawi zina ndi theka kapena kuposa. HDL imakwerako pang'ono chabe. LDL ndiye siisuntha kwenikweni, ndipo ndi imene imatseka mitsempha ya mtima ndi ya mu ubongo. Choncho bambowo afunika zonse ziwiri pa ulendo umodzi, kukonza shuga ndi kuyamba statin.

Chifukwa chake chili pa insulini. Insulini siyongolowetsa shuga m'maselo ayi, ndiyonso imatsekera mafuta m'nkhokwe zawo, makamaka a pamimba. Thupi likasiya kuimvera, nkhokwe zija zimangotayira mafuta m'magazi usana ndi usiku. Mafutawo amathera ku chiwindi, chiwindi n'kuwamanga m'timitolo totchedwa VLDL, todzaza ma triglyceride, n'kuwabwezanso m'magazi. Pa makoma a mitsempha pali lipoprotein lipase, imene ntchito yake ndi kumasula timitoloti kuti mafuta alowe m'minofu, koma nayonso imadalira insulini. Ndiye olowa achuluka, otuluka achepa. Ndi zimenezo zikupereka 5.2 uja.

Mphunzitsi wa anamwino, Zingwangwa:
Ndiwonjezere pa HDL ndi LDL, pakuti ophunzira amasokonezeka pamenepa. VLDL ikachuluka, pamachitika kusinthana: puloteni ya CETP imatenga ma triglyceride ku VLDL n'kuwaika mu HDL ndi LDL, n'kuchotsamo kolesterolo. Kenako lipase ya ku chiwindi imadya ma triglyceride aja, timitolo n'kutsala tating'ono. HDL yaing'ono imachotsedwa msanga m'magazi, n'chifukwa chake tikuona 0.8. LDL yaing'ono yolimba imalowa mosavuta m'khoma la mtsempha, imakhalitsa m'magazi, ndipo shuga akaimatira chiwindi chimavutika kuichotsa. Nambala ya LDL ya munthu wa shuga ikhoza kufanana ndi ya mnzake wopanda shuga, koma timitolo take n'tambiri komanso toopsa kwambiri. Ine ndimauza ophunzira kuti LDL ya 3.0 mwa wodwala shuga asamaione ngati yabwinobwino.

Wa labu, Limbe:
Pa LDL yosowayo, labu sinaiwale ayi. Malabu ambiri sayeza LDL mwachindunji, amachita kuwerengera ndi samu ya Friedewald ya 1972: kolesterolo yonse, kuchotsa HDL, kuchotsanso ma triglyceride ogawidwa ndi 2.2. Samuyi imasiya kugwira ntchito ma triglyceride akapitirira 4.5 mmol/L, ndipo ngakhale asanafike pamenepo imayamba kupereka LDL yotsika kuposa yeniyeni. Amene wasiya malowo opanda nambala wachita bwino kuposa amene akanalembapo 3.6.

Chimene mungachite pa tebulo pomwepo, opanda makina: kolesterolo yonse kuchotsa HDL. 6.8 kuchotsa 0.8 ndi 6.0. Imeneyi ndi non-HDL, ikuphatikiza timitolo tonse toipa, ndipo siisamala kuti munthu wadya kapena ayi. Malire ake amakhala 0.8 pamwamba pa malire a LDL. Ngati mukufuna LDL pansi pa 2.6, non-HDL ikhale pansi pa 3.4. Bambowa ali pa 6.0, palibe chodikira.

Chinanso, yang'anani mayunitsi musanawerenge nambala. Mu Blantyre muno mapepala amabwera mitundu iwiri, ena mmol/L ena mg/dL. Kolesterolo, HDL ndi LDL gawani ndi 38.7. Ma triglyceride gawani ndi 88.6. Shuga gawani ndi 18. Kolakwika kawirikawiri ndi kugawa ma triglyceride ndi 38.7, munthu wa 150 mg/dL, amene ali pa 1.7 penipeni, n'kumulembera 3.9.

Sisita wa ku Ndirande:
Zikomo achimwene, ya non-HDL ija ndiilemba pa khoma. Nanga HbA1c ya 10.4% tingamufotokozere bwanji wodwala? Ambiri amabwera ndi kabuku kawo kolembamo 7 kapena 8 wa m'mawa n'kumati shuga ali bwino.

Wa labu, Limbe:
Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120. Nthawi yonseyi shuga amamatirira pa hemoglobin ndipo samatukanso. HbA1c ikutiuza kuti pa hemoglobin 100 iliyonse, yomatidwa ndi ingati, ndiye ndi chithunzi cha miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale mwezi womalizawu ndi umene umalemera kwambiri, pafupifupi theka. Mu manambala a kamakina ka pachala: 7% ndi avereji ya 8.6 mmol/L, 8% ndi 10.2, 9% ndi 11.8, 10% ndi 13.4. Bambo wathuyu akuyenda ndi 14 usana ndi usiku. Ya m'mawa ija ndi mphindi imodzi yokha, asanadye. Muuzeni ayeze maola awiri atadya nsima ya masana, adzionera yekha.

Koma HbA1c imanama maselo ofiira akafa msanga kapena akasinthidwa. Malungo a posachedwa, sickle cell, kutaya magazi, kuikidwa magazi m'miyezi itatu yapitayi, mimba, zonsezi zimaitsitsa. Kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa chosowa ayironi kumaikweza. Mwa anthu ena amene ali pa ma ARV imawerenga motsikirapo. Mukaona HbA1c ya 6.8% koma ma triglyceride 4, HDL pansi, ndipo pachala pakutuluka 13 ndi 15, kayikirani HbA1c, pemphani full blood count, kuwerenga maselo a magazi. Apa mafuta amathandiza kugwira bodza la HbA1c.

Kilinikala ofesa wa ku Bangwe:
A Dokotala, ndikufuna nditsutseko pang'ono. Odwala athu ambiri amagula okha statin akapanda kuipeza, ndipo kuyeza mafuta si kotchipa. Munthu akumwa kale mankhwala awiri a shuga, awiri a BP, mwina ndi ma ARV. Kumuwonjezera lina tsiku lomwelo, sakutha kusiya onse? Bwanji osamupatsa miyezi itatu akonze shuga, tiyezenso, kenako tione?

Dokotala wa ku Chilomoni:
Nkhawa ya kuchuluka kwa mapilitsi ndi yoona achimwene, sindikuikana. Koma tiyeni tiyendetse chitsanzo chomwechi miyezi itatu. Tinene kuti metformin takweza, wasiya zakumwa za shuga, HbA1c yafika 7.8%. Ma triglyceride atsika kufika 2.2, HDL 0.9, kolesterolo yonse 5.6. Tsopano samu igwira: 5.6 kuchotsa 0.9 kuchotsa 1.0, LDL 3.7. Shuga wayenda ulendo wautali, LDL ili pomwe inali. Miyezi itatu ija yangotitsimikizira chimene tinkadziwa kale, ndipo mwa anthu otere ena sabwereranso pa tsiku limene tawapatsa.

Ofufuza a UKPDS ku Britain anatsatira anthu zikwi a shuga wa mtundu wachiwiri kwa zaka zambiri. Mu 1998 atasanja zinthu zimene zimalosera matenda a mitsempha ya mtima, LDL inali patsogolo, HDL pambuyo pake, HbA1c n'kubwera pachitatu. Mu 2000 anaonetsa kuti HbA1c ikatsika ndi 1%, mavuto a timitsempha ting'onoting'ono ta m'maso ndi mu impso amachepa ndi 37%, koma matenda a mtima odzidzimutsa amachepa ndi 14% yokha. Pomwe kafukufuku wa CARDS wa 2004 anapereka atorvastatin 10 mg yokha kwa anthu a shuga amene anali asanadwalepo mtima komanso LDL yawo sinali yokwera kwambiri, ndipo mavuto akuluakulu a mtima ndi mitsempha anachepa ndi 37%. Anachita kuuimitsa nthawi isanakwane chifukwa phindu linali litaonekeratu. Kutsitsa shuga kumateteza maso, impso ndi mapazi koposa. Mtima ndi sitiroko zimafuna statin ndi BP yabwino.

N'chifukwa chake malangizo a WHO a zipatala zing'onozing'ono amati wodwala shuga wa mtundu wachiwiri wa zaka 40 kupita m'mwamba apatsidwe statin. Ngakhale mulibe pepala la mafuta, zaka ndi shuga zakwana.

Ndipo tisathamangire mbali inayo, yoti tikankhe HbA1c pansi zedi kuti mtima utetezeke. Kafukufuku wa ACCORD anayesa kufikitsa anthu pansi pa 6%, ndipo mu 2008 mbali imeneyo anaiimitsa chifukwa imfa zinachuluka. Kwa ambiri pansi pa 7% pakwana. Agogo okhala okha, kapena munthu amene shuga amamugwera pafupipafupi, 8% ndi yovomerezeka, makamaka pa glibenclamide.

Kilinikala ofesa wa ku Bangwe:
Pa LDL mwandigonjetsa. Koma pa ma fibrate, mankhwala otsitsa ma triglyceride, ndikunenabe kuti tidikire: 5.2 ndi HbA1c ya 10, sindingathamangire mankhwala a ma triglyceride.

Dokotala wa ku Chilomoni:
Pamenepo tili limodzi. Pa 5.2 mankhwala a ma triglyceride ndi kutsitsa shuga komweko. ACCORD yomweyo mu 2010 inawonjezera fenofibrate pa simvastatin ndipo pa gulu lonse phindu la mtima silinaoneke. Nkhani imasintha akapitirira 5.6 shuga atakonzedwa kale, ndipo akafika 10 kupita m'mwamba tikuopa kutupa kwa kapamba. Munthu wa shuga wobwera ndi ululu waukulu pa chifu wopyoza kumsana, akusanza, magazi ake ngati mkaka, ameneyo si wa zilonda za m'mimba. Ndi wogonekedwa, madripi ndi insulini. Insulini imadzutsa lipoprotein lipase ija ndipo nambala imagwa m'masiku ochepa. Yang'ananinso pa zigongono, pa mawondo ndi pa matako: timatuza tachikasu tolimba, totuluka tambiri nthawi imodzi, ndi mafuta omwewo.

Wa labu, Limbe:
Magazi ngati mkakawo timawaona akatuluka mu centrifuge, makina ozunguza magazi. Seramu, madzi a magazi, imene imayenera kukhala yachikasu yoonekera imakhala yoyera ngati thobwa losungunula. Mukaisiya mu firiji usiku wonse, pamwamba pamayandama kansalu konga mafuta a pa mkaka. Sampulo yotere imasokoneza zoyeza zina: sodium imatha kutuluka yotsika mwabodza, hemoglobin yokwera mwabodza. Tikakulemberani kuti lipaemic, kutanthauza magazi odzaza mafuta, musaithamangire sodium ija ndi madripi a mchere musanatifunse.

Katengedwe ka magazi kakhale kotere. HbA1c mu chubu cha chivindikiro cha pepo, cha EDTA, muchitembenuze pang'onopang'ono kasanu ndi katatu, osachikhutchumula, ndipo sipafunika kusala kudya. Mafuta mu chubu chofiira kapena chachikasu. Lamba wa pamkono asapitirire mphindi imodzi, apo ayi kolesterolo imawerenga mokwera. Poyeza koyamba munthu akhoza kukhala atadya, koma ma triglyceride akatuluka pamwamba pa 4.5 abwerenso atasala maola 9 mpaka 12, madzi okha, komanso osamwa mowa dzulo lake. Amene wangodwala malungo kapena matenda ena aakulu adikire milungu ingapo, chifukwa matenda amatsitsa kolesterolo kwa kanthawi.

Sisita wa ku Ndirande:
Pa kusala kudyapo ndichenjeze. Munthu wa glibenclamide kapena insulini akauzidwa kuti abwere osadya, amamwa kapena kubaya mankhwala a m'mawa monga mwa nthawi zonse, n'kukwera minibasi, n'kukhala pa mzere mpaka 10 koloko. Amayamba thukuta, kunjenjemera, kenako wagwa. Tiziwauza momveka kuti mankhwala a m'mawa awatenge m'thumba limodzi ndi kamba, amwe akangotengedwa magazi ndi kudya. Ndipo oterewa azikhala oyamba pa mzere.

Wa famasi, Ginnery Corner:
Ndilowepo pa statin, pakuti zolakwika zambiri zimaonekera pa windo lathu.

Simvastatin 20 kapena 40 mg imwedwe usiku, chifukwa imatha msanga m'thupi pomwe chiwindi chimapanga kolesterolo kwambiri usiku. Atorvastatin imakhalitsa, nthawi iliyonse ili bwino bola ikhale yomweyo tsiku ndi tsiku. Atorvastatin 10 mpaka 20 mg imatsitsa LDL ndi 30 mpaka 49%, ndiye 3.7 ija ikhoza kufika cha m'ma 2.2. Amene anadwalapo mtima kapena sitiroko amafunika 40 mpaka 80 mg, kuti LDL itsike ndi theka ndi kufika pansi pa 1.8. Dziwani kuti kuwirikiza mulingo kumangowonjezera pafupifupi 6%, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mulingo woyamba.

Tsegulani health passport yonse musanalembe. Amene ali pa amlodipine ya BP, simvastatin isapitirire 20 mg. Amene ali pa ma ARV a mzere wachiwiri okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, simvastatin ayi ndithu, imaunjikana m'magazi n'kuwononga minofu. Ameneyo ayambe atorvastatin 10 mg, ndipo ma ARV omwewo ndi amene angakhale akukweza ma triglyceride. Erythromycin, clarithromycin ndi ketoconazole yakumwa, simvastatin iime kaye mpaka amalize. Gemfibrozil, imodzi mwa ma fibrate, isaphatikizidwe ndi statin. Rifampicin ya TB imachita zosiyana, imafooketsa statin, ndiye LDL ikakana kutsika pa miyezi isanu ndi umodzi ija musadabwe. Mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena amene akufuna mimba, statin aisiye.

Ndipo popeza tikunena zokweza metformin: kuyambira 2019 anthu ambiri a ma ARV kuno ali pa dolutegravir, imene imachulukitsa metformin m'magazi. Kwa iwowa malangizo a mankhwalawa amati metformin isapitirire 1000 mg pa tsiku poyamba, ndipo impso ziziyang'aniridwa.

Wodwala amve izi asanachoke: kuphwanya kwa minofu ya ntchafu ndi mapewa mbali zonse ziwiri, kufooka, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, asiye abwere tsiku lomwelo. Zimachitika mwa apo ndi apo, koma zikachitika impso zili pa ngozi.

Mphunzitsi wa anamwino, Zingwangwa:
Odwala owerenga pa intaneti akumafunsa kuti statin imakweza shuga. Tiziwayankha zoona: inde, imakankha HbA1c pang'ono, kachigawo kakang'ono ka 1%, koma chitetezo cha mtima chimaposa pamenepo kutali. Ena amasiya akangoona kuti LDL yatsika, ngati amaliza mankhwala a malungo. Ikasiyidwa, LDL imabwerera pomwe inali m'milungu yochepa.

Wa za kadyedwe, Chirimba:
Ine changa ndi ichi. Munthu akauzidwa kuti mafuta akwera m'magazi, amakasiya mtedza, mapeyala ndi nsinjiro, n'kumadya nsima yambiri ndi masamba owiritsa, n'kumatsitsira thobwa lothira shuga. Wasiya zomuthandiza, wawonjezera zomupweteka. Ma triglyceride ambiri a munthu wa shuga sachokera m'botolo la mafuta ophikira, amapangidwa m'chiwindi kuchokera ku shuga, ufa ndi mowa wopitirira muyeso.

Botolo la 300 ml la chakumwa chozizira cha shuga lili ndi magalamu opitirira 30, masupuni a tiyi 8. Theka la shuga ameneyu ndi fructose, amene amapita molunjika ku chiwindi n'kusanduka mafuta. Sobo, juwisi wa m'mabokosi, maheu ogula, tiyi wa masupuni atatu, nzimbe, uchi, zonse njira yake ndi imodzi. Mowa ndiye umabaya pawiri: chibuku ndi masese zili ndi ufa ndi mowa pamodzi, ndipo kachasu ndi mowa wina waukali, kupatula kukweza ma triglyceride, umagwetsa shuga usiku mwa munthu wa glibenclamide kapena insulini. Amene ali pa 5 kupita m'mwamba, mowa ausiyiretu.

Pa nsima, mgaiwa uposa ufa woyera chifukwa cha madeya, koma ukadali chimanga. Mitanda inayi ya mgaiwa ikweza shuga kuposa mtanda umodzi wa woyera. Mbale igawidwe motere: theka masamba, monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru kapena therere, gawo limodzi la magawo anayi ndiwo za nyemba, nandolo, khobwe, usipa, utaka kapena nkhuku yochotsa khungu, gawo lotsalalo nsima, mtanda wofanana ndi chibakera cha mwini wake. Nyemba ndi therere zili ndi ulusi woterera umene umagwira kolesterolo m'matumbo.

Zokweza LDL ndi zina: mafuta oundana a ng'ombe ndi nkhumba, khungu la nkhuku, soseji, majarini wolimba, mafuta a kanjedza, ndi zokazinga za pa chiwaya zimene mafuta ake atenthedwa mobwereza mpaka kuda. Pakhomo, mafuta a mpendadzuwa kapena soya athiridwe ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Mtedza wodzaza dzanja limodzi pa tsiku, wosathira mchere, uli bwino.

Kuchepetsa thupi ndi 5 mpaka 10%, kutanthauza makilo 4 mpaka 8 kwa munthu wa makilo 80, kumatsitsa HbA1c ndi ma triglyceride pamodzi. Yezani m'chiuno ndi tepi ya telala, pa mchombo: 94 cm kwa abambo, 80 cm kwa amayi ndiwo malire. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, ndipo zitunda za ku Soche ndi Ndirande zikugwira ntchito imeneyi popanda kulipira. Kuyenda mphindi 10 kapena 15 munthu atangodya mgonero kumadula kukwera kwa shuga wa usiku.

Kilinikala ofesa wa ku Bangwe:
Nanga shuga wafika pa 7%, akumwa statin mokhulupirika, koma mafuta akukanabe?

Dokotala wa ku Chilomoni:
Yambani mwafunsa mabotolo, muwerenge mapilitsi otsala, pakuti nthawi zambiri yankho lili pamenepo. Zikakhala bwino, fufuzani zina. Viikani kapepala mu mkodzo: puloteni wambiri wa impso zowonongeka amakweza LDL kwambiri, ndipo mwa wodwala shuga zimenezi si zachilendo. Chithokomiro chofooka chimakwezanso LDL, yezani TSH, muyeso wa ntchito ya chithokomiro, makamaka mwa mayi wonenepa, womva kuzizira, wodzimbidwa. Prednisolone, ngakhale yogula yekha chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi, imakweza shuga ndi mafuta limodzi. Hydrochlorothiazide imakankha zonse ziwiri pang'ono, makamaka pa mulingo waukulu, koma si chifukwa chosiyira BP osaigwira. LDL ikayambira pa 4.9 kupita m'mwamba, funsani za abale amene anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima ali achinyamata ndipo gwirani mtsempha wa kuseri kwa chidendene ngati wakhuthala. Imeneyo ikhoza kukhala ya kumtundu, yosachokera ku shuga, ndipo ndi yotumiza kwa madokotala a ku Queens, ana ake nawonso akayezedwe.

Sisita wa ku Ndirande:
Ndiye bambo wathu uja tsiku lobwerera tilembe liti?

Wa labu, Limbe:
Mafuta amayezedwanso pakati pa milungu 4 ndi 12 chiyambireni statin, HbA1c pakatha miyezi itatu, osati isanakwane, chifukwa maselo akale amakhala akadalipo. Ziphatikizeni pa mlungu wa 12, kubaya kamodzi, machubu awiri, ulendo umodzi wa minibasi. ALT ya chiwindi ndi creatinine ya impso mutenge lero asanayambe, kuti tsiku limenelo tidzakhale ndi poyerekezera. Pa fomu lembani ngati wadya kapena ayi, ndi nthawi imene magazi atengedwa.

Wa famasi, Ginnery Corner:
Koma asadikire milungu 12 osaonedwa, a Sisita. Metformin ikwezedwe ndi 500 mg pa mlungu kapena milungu iwiri iliyonse, azimwa pakati pa chakudya kuti asatsegule m'mimba n'kuisiya. Shuga akayamba kutsika, glibenclamide ija iyang'aniridwe, mulingo umene unali wochepa pa 14 ukhoza kumugwetsa pa 8. Abwere pakatha milungu iwiri ndi kabuku kake ndi mabotolo onse, ngakhale a zitsamba.